Mutu 5: Kadontho Kobiriwira

1. Fani ndi ulusi

Tunu anali atagwira ntchito pakampani ija kwa miyezi ingapo, koma ku ofesi anali atapondako kamodzi kokha, tsiku lokatenga laputopu. Masiku ena onse ankagwirira m'chipinda chake ku Tabata, dera lina la mzinda wa Dar es Salaam, atakhala pamkeka, laputopu ili pakatebulo.

Kampaniyo inkalondola malole onyamula katundu kuchokera padoko la Dar es Salaam kupita kumayiko akumtunda. Ntchito ya Tunu inali yoona pamene lole iliyonse yafika, kuimbira dalaivala akachedwa, ndi kudziwitsa mwini katundu. Malole a mumsewu wa ku Tunduma ankagawana ndi mnzake wina, Festo Mapunda. Achinyamata onse ankamutchula Kaka Festo, poti ndiye anali wamkulu pakati pawo. M'Chiswahili kaka ndi mchimwene, dada ndi mchemwali.

Chichokereni chaka cha mliri, akuluakulu a kampani analola kuti aliyense wofuna azigwirira kunyumba. Anangoika lamulo limodzi. Pakompyuta pankaoneka mayina a antchito onse, ndipo pambali pa dzina lililonse panali kadontho. Munthu akamagwira ntchito, kadonthoko kankakhala kobiriwira. Akasiya mausi osaigwedeza kwa kanthawi, kankasanduka kachikasu. Akazimitsa kompyuta, kankatuwa. Lamulo linali lakuti nthawi ya ntchito kadontho kazikhala kobiriwira.

Kaka Festo ndi amene anaphunzitsa Tunu nzeru ya fani. Anamuimbira foni sabata yake yoyamba.

"Dada, uli ndi fani kumeneko? Yotembenuza mutu uku ndi uku ija?"

"Ilipo, kaka."

"Tenga ulusi. Mbali ina umange kumutu kwa faniyo, mbali ina ku mausi. Fani ikamatembenuka, mausi izingokwawa yokha patebulo. Ukatero pita kumsika, chapa, gona. Fani ndi wantchito wabwino, mlongo wanga. Sapempha tchuthi, sapita kumaliro."

Tunu anaseka mpaka kutsamwa.

"Koma tamva," Kaka Festo anatsitsa mawu. "Izi ndi za ife ana. Tilipo ambiri ochita zimenezi. Zikangofika m'khutu mwa mkulu wathu, Mama Lyimo, tonse tathera limodzi. Palinso china. Mnzako akakhala chete, usamufunse. Ungomugwirira malole ake. Iyenso adzakugwirira tsiku lako. Wamva?"

"Ndamva, kaka."

"Lumbira."

"Ndalumbira."

Nkhope ya Kaka Festo Tunu anali asanaionepo. Pa dzina lake panali chithunzi cha mpira, ndipo pamisonkhano ya pakompyuta aliyense ankatseka kamera poopa kumaliza bandulo. Tunu ankangodziwa mawu ake, mawu aakulu a munthu amene amayamba kuseka nthabwala asanaimalize.

2. Zii

Lachinayi m'mawa Kaka Festo sanapereke moni. Nthawi zonse ankayamba ndiye, ndi funso lomwelomwelo: "Dada, wadzuka ndiwe kapena fani?" Tsiku limenelo kunali zii. Koma kadontho kake kanali kobiriwira.

Tunu anachita monga anapanganirana. Anatenga malole a mnzakeyo n'kuphatikiza ndi ake. Anaimbira madalaivala, anayankha eni katundu, ndipo palibe amene anadandaula. Lachisanu zinali chimodzimodzi. Chakumasana analemba kauthenga: "Kaka, mwapita kuukwati osatiitana?" Sikanayankhidwe.

Loweruka silinali tsiku la ntchito. Tunu anatsegula laputopu kuti aonere filimu. Timadontho tonse tinali totuwa, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kamodzi kokha, ka Kaka Festo, kanali kobiriwira.

Lamulungu, atabwera kutchalitchi, anatsegulanso. Kanali pomwepo, kosaphethira, ngati diso la njoka m'udzu. Anaimba foni ya Kaka Festo. Inaitana mpaka kuduka yokha. Atadya anayesanso, ndipo mawu a mayi wa m'makina anamuuza kuti foniyo ndi yozimitsa.

Pamenepo anaimbira Ayubu, mnyamata wina wa pantchito pomwepo amene ankaona malole a ku Rwanda.

"Musiye iwe," anatero Ayubu akutafuna kanthu. "Festo ndi munthu wamkulu. Mwina wapita kwa mayi ake ku Songea, waiwala kuzimitsa fani. Usatiyatsire moto, mwana wadzana iwe."

"Ukudziwa kumene amakhala?"

"Ku Kimara kwinakwake. Kapena ku Mbezi. Ndingadziwe bwanji, ndine mlamu wake?"

"Nanga akudziwa ndani?"

"Mama Lyimo basi. Anakamuona kale atathyoka mwendo panjinga yamoto." Ayubu anasiya kutafuna. "Iwe Tunu. Ukangoyerekeza kupita kwa gogo ameneyo, usadzandiimbirenso. Ine ndili ndi mwana wakhanda. Ntchito iyi ikatha, adzamwa chiyani, kadontho?"

3. Nsanjika yachinayi

Lolemba m'mawa Tunu anasamba n'kuvala diresi limene anavala tsiku lofunsidwa ntchito. Asanatuluke anayatsa laputopu, anamanga ulusi, anayatsa fani. Sanaganizireko n'komwe. Manja anangochita okha, monga amachitira munthu pokhoma chitseko.

Minibasi ya daladala inakwawa mumzere wa magalimoto kuchokera ku Tabata mpaka ku Posta, kumene kunali ofesi. Pofika, dzuwa linali litakwera, diresi litamata kumsana.

Pakhomo la nyumba yosanjikizana mlonda anamuimitsa.

"Mukufuna ndani, dada?"

"Ndimagwira ntchito pano."

Mlondayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Pano? Ine nkhope iyi sindinaionepo." Anamulola atamuonetsa chitupa.

Chikepe chinamusiya pansanjika yachinayi. Atakankha chitseko chagalasi, mphepo yozizira ngati ya m'phanga inamuwomba kumaso.

Matebulo anali mizeremizere mpaka kumazenera. Munthu panalibe. Pampando wina panali juzi, manja ake ali lende, ngati mwini wake wangotuluka kukamwa madzi. Pansi pa tebulo lina panali nsapato zachikazi, zitaima pamodzi, fumbi lili mbuu. Duwa la mumphika linauma chiimire. Kalendala ya pakhoma inali idakali pa mwezi umene anthu anabalalika.

"Odi!" anatero Tunu.

Mawu ake anapita n'kubwerera okha.

Pakona, makina osindikizira anadzidzimuka popanda wowakhudza. Analira, ananjenjemera, kenaka analavula pepala. Tunu anabwerera chambuyo n'kugunda mpando.

"Usaope, mwanangu," anatero mawu ena kumbuyo kwake. "Ndi wina wa kunyumba wadina molakwika. Zimachitika tsiku ndi tsiku. Ife tinazolowera, timangoti mizimu yayamba ntchito."

Anali Mama Lyimo, mkulu wa gawo la malole. Anali mayi wamfupi, wa imvi, magalasi ali pamphuno, ketulo ili m'manja. Tunu anawapatsa moni waulemu wopatsa akulu.

"Shikamoo, mama."

"Marahaba. Ndiwe Tunu wa ku Tabata, mawuwo ndawazindikira. Wabwera bwino, nthawi ya tiyi yakwana. Tiye."

M'kachipinda komwera tiyi munali bambo mmodzi yekha wachikulire, Mzee Kibwana, woona za malipiro. Koma patebulo panali makapu ambirimbiri, otsuka bwino, ovundikira.

"Makapu awa ndimawatsuka onse Lolemba lililonse," anatero Mama Lyimo akuthira tiyi wonunkhira jinja. "Mzee Kibwana amandiseka."

"Ndimaseka ndithu," anatero Mzee Kibwana. "Ine chondibweretsa kuno ndi mphepo iyi basi. Kunyumba kuli adzukulu ndi wailesi ya agogo awo. Kuno magetsi sazima, netiweki ndi ya bwana, ndipo palibe wondituma makala."

"Akunama. Amabwerera mandasi anga."

Mama Lyimo anakankhira mbale kwa Tunu n'kukhala pansi.

"Anthu amabwera kuno pa zifukwa zosiyanasiyana, mwanangu. Wina akuthawa phokoso. Wina akufuna bwana azimuona kuti adzamukumbukire pokweza anthu. Wina akufuna aphunzire ntchito poonera mnzake. Zonsezo si zoipa. Koma ine ndinayamba ntchito muno tsitsi lili bii. Masiku amenewo munthu akalowa pakhomo apo, tinkamuwerenga asanatsegule pakamwa. Uyu sanagone. Uyu kunyumba kwavuta. Uyu nsapato yang'ambika, mwezi wamuthina. Kunali mtsikana wina, Mwajabu, wokonda tiyi kuposa tonse. Tsiku lina anakankha kapu, akuti fungo likumunyansa. Amayi tonse tinangoyang'anana. Mwini wake anali asanadziwe kuti ndi woyembekezera, koma ife tsiku lomwelo tinamuchotsera ntchito yothamanga padoko. Tsono tandiuza, kompyuta ingaone zimenezo? Ntchito mukugwira kunyumbako, sindikukana. Malole akuyenda. Koma mwasanduka mayina. Dzina silidwala, mwanangu. Dzina silimva njala. Amadwala ndi munthu."

Tunu anagwira kapu ndi manja awiri. Sanamwe.

4. Dzina langa

"Mama," anatero Tunu, "Kaka Festo mwalankhula naye liti?"

"Festo? Tiye tikamuone."

Anapita naye patebulo lawo, Mzee Kibwana akutsatira ndi kapu yake. Mama Lyimo anakweza magalasi n'kuloza pakompyuta.

"Uyo apo, ali pantchito. Mwana ameneyu masiku ano walimbikira. Ngakhale Loweruka ndinamuona. Malole ake onse ali m'malo, palibe wodandaula. Ndikuganiza zomutchula kwa abwana."

"Foni yake ndi yozimitsa, mama."

"Mafoni amagwera m'madzi, amabedwa m'daladala. Bola ali pakompyuta. Wadzera zimenezi ulendo wonsewu?"

"Mungandiuze kumene amakhala?"

Mama Lyimo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nyumba ya mnyamata sindiuza mtsikana popanda chifukwa. Ukufuna chiyani kumeneko? Mulembere uthenga, akuyankha."

Foni ya Tunu inanjenjemera m'chikwama. Anasuzumira. Anali Ayubu: "Uli kuti? Usachite zopusa."

"Chabwino, mama," anatero Tunu. "Ndapita. Zikomo ndi tiyi."

Anayamba kuyenda pakati pa matebulo opanda anthu aja. Chapafupi ndi chitseko panali tebulo lina lomatidwa kapepala kolembedwa kuti FESTO. Panali chipeso, ndi kapu yokhala ndi tiyi wouma pansi pake. Mpando unali wotembenukira kunjira, ngati ukudikira wina. Tunu anaima pamenepo. Makina osindikizira aja analiranso kukona, n'kusiya osatulutsa kanthu.

Anabwerera.

"Mama, tsitsani pang'ono mayinawo. Pezani langa."

Mama Lyimo anatsitsa. Dzina la Tunu linaonekera. Pambali pake panali kadontho kobiriwira.

Anayang'ana kadonthoko. Anayang'ana Tunu. Anayang'ana manja ake, amene munalibe kanthu koma kachikwama.

"Laputopu yako ili kuti?"

"Ku Tabata, mama."

"Akuigwiritsa ntchito ndani?"

"Fani."

Tunu anafotokoza zonse, maso ali pansi. Ananena za ulusi. Ananena za pangano losafunsana. Ananena kuti malole a Kaka Festo wakhala akugwira ndi iyeyo kuyambira Lachinayi, ndiponso kuti kuyambira tsiku limenelo palibe wamva mawu ake.

Mzee Kibwana anaika kapu patebulo pang'onopang'ono. "Ndiye kuti mwezi ndi mwezi ine ndimalipira mafani?"

Palibe anaseka. Mama Lyimo anavula magalasi n'kuwapinda.

"Kibwana, makiyi a galimoto yako ali kuti? Tiyeni."

5. Njira ya ku Kimara

Galimoto ya Mzee Kibwana inali yakale, ndipo mawindo ake ankatsika mbali imodzi yokha. Anadutsa Magomeni, anadutsa Ubungo. Atayamba kukwera zitunda za ku Kimara, Mama Lyimo analankhula osatembenuka.

"Lero sindikukalipira. Kukalipa kuli ndi tsiku lake, ndipo lifika. Koma umve ichi, udzauzenso anzako. Kwathu ku Moshi, khomo la munthu likakhala lotseka mpaka dzuwa kufika pamutu, woyandikana naye amasiya khasu n'kukagogoda. Nthawi zambiri amapeza mwini nyumba ali mtulo, mowa wadzulo usanamuchoke. Amatukwanidwa, n'kubwerera kumunda akuseka. Kutukwanidwa kumeneko n'kotchipa, mwanangu. Amagogoda kakhumi pachabe chifukwa cha tsiku limodzi limene sikudzakhala pachabe. Inu mwachotsa kugogoda, n'kumati ndi ufulu. Mwapangana kuti mnzanu akakhala chete musamufunse, n'kumati ndi chikondi. Chikondi chanji chophimba munthu ndi nsalu asanafe? Akulu anati kali kokha n'kanyama. Simunamvepo?"

"Ndinamvapo, mama."

"Ndipo usaganize kuti ndikudziyeretsa. Inenso ndapusa nanu limodzi. Pakamwa ndimalalikira za nkhope, koma maso ali pagalasi la kompyuta. Ndaona mwana akugwira ntchito Loweruka, Lamulungu, osapuma, ine n'kumakondwera. Mayi wanzeru akanafunsa kuti kodi ameneyu amadya nthawi yanji."

Anasiya galimoto pafupi ndi wogulitsa chipisi n'kutsika wapansi kanjira kokumbika ndi madzi. Mama Lyimo anasokera kamodzi, kenaka anazindikira mtengo wa mango ndi geti lachitsulo.

Inali nyumba ya zipinda zalendi, zozungulira bwalo. Pakhonde panali mwini nyumba, Bi Mwanahawa, akupala kokonati.

"Festo? Alipo," anatero atalonjerana. "Ali pantchito. Anatiuza kuti tikamva fani tisamagogode, amakhala ali pamsonkhano ndi mabwana ake. Ana ndimawathamangitsa kuti asasewere pakhomo pake. Mnyamata wolimbikira ameneyo, usana ndi usiku fani ili kulira."

"Mwamuona liti ndi maso?" anafunsa Mama Lyimo.

"Dzulo... ayi. Dzana kodi?" Bi Mwanahawa anakweza maso kumwamba. "Anadutsa apa akuti mutu ukumuwawa, anakagula mapilitsi pagolosale. Limenelo linali Lachitatu." Manja awo anasiya kupala. "Koma ndowa yake sinatulukepo kudzatunga madzi."

Chitseko cha Kaka Festo chinali chakumapeto, pafupi ndi bafa. Zenera linali lotseka, katani ili yotsitsa. Pakhomo panali patapata, mbali imodzi itagadabuka.

Anaima n'kumvetsera. Mkati munkamveka mphepo ya fani. Pansi pa mphepoyo pankamveka kaphokoso kena kakang'ono. Kwee. Kenaka chete. Kwee. Kanthu kankakokedwa pathabwa, kupita ndi kubwerera.

Mama Lyimo anagogoda. "Festo! Festo mwanangu, ndine Mama Lyimo!"

Kwee. Kwee.

Mzee Kibwana anagogoda ndi chibakera. Chitseko chinali chokhoma mkati.

Tunu anaika pakamwa pa mng'alu wa chitseko. "Kaka! Ndine Tunu! Kaka Festo!"

Poyamba sikunamveke kanthu. Kenaka, chapansi penipeni, kunamveka ngati supuni ikugunda simenti. Ngwe. Patapita kanthawi, ngwe.

"Mayi wanga ine!" anakuwa Bi Mwanahawa. Anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi munsi. Sanapatse mwamuna aliyense. Anamenya okha pa loko, kawiri, katatu, mpaka thabwa linang'ambika.

Fungo la m'chipindamo linawabweza m'mbuyo. Munali mdima, kupatula kuwala kwa laputopu patebulo. Fani inkatembenuza mutu wake modekha, uku ndi uku, ngati munthu wokana mlandu. Mausi inkatsatira pa ulusi wake, ndipo pamene inkadutsa panali patayera kanjira m'fumbi.

Pabedi panalibe munthu.

Anamupeza pansi, pakati pa bedi ndi khoma. Anali mnyamata wamtali, wowonda, milomo itang'ambika. Pafupi naye panali ndowa yogubuduzika, youma. M'dzanja lake munali supuni.

Tunu anagwira mkono wa Mama Lyimo. "Mama, ndi iyeyu?"

"Ndi iyeyu." Mama Lyimo anagwada n'kuika dzanja pachipumi pake. "Akutentha ngati mbaula. Kibwana, gwira kumapewa. Tunu, miyendo. Bi Mwanahawa, chitenje chonyowa, msanga!"

Potuluka, Mzee Kibwana anapondereza waya wa fani ndi phazi n'kuuzula kukhoma.

6. Nkhope

Kuchipatala anamulandira mwachangu. Anamuika diripi mkono uwu, jakisoni mkono winawo. Atatuwo anakhala pabenchi panja mpaka dzuwa linapendeka.

Kenaka namwino anatuluka. "Abale a Festo Mapunda ndi ati?"

Anayang'anana. Mama Lyimo anaimirira. "Ndife a kuntchito."

"Ndi malungo aakulu, ndipo thupi lauma madzi. Mwamupeza bwanji mochedwa chonchi? Akanagonamo usiku wina, bwenzi tikukamba zina. Koma achira. Watsegula maso. Lowani awiri, musamutopetse."

Mama Lyimo analowa ndi Tunu. Kaka Festo anali chagada, maso atalowa mkati. Anayesa kudzutsa mutu.

"Shikamoo, mama."

"Marahaba. Gona, usadzuke."

Maso ake anapita kwa Tunu n'kukhala pamenepo. "Awa ndani?"

"Ndine, kaka."

"Tunu?" Mawu aakulu aja anali atatsala kamphepo chabe. "Ine ndimayesa ndiwe chimayi chonenepa. Mawu ako ndi a munthu wodya bwino."

Tunu anaseka, misozi ikutsika.

Kaka Festo anapuma movutikira. Kenaka anayang'ana Mama Lyimo, n'kuyang'ananso Tunu.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndanena, kaka. Zonse."

"Unalumbira."

"Ndinalumbira."

Anatseka maso. Tunu anaganiza kuti wagona, koma milomo inayambanso kugwedera.

"Lachinayi ndinati ndigone pang'ono, mutu ukasiya ndidzuka. Ndinamanga ulusi. Loweruka ndinagwa pofuna madzi, miyendo inakana. Foni inali pabedi, ndinkaimva ikuitana mpaka inafa. Ndinkamva ana akusewera, Bi Mwanahawa akuwathamangitsa kuti asandisokoneze. Ndinkakuwa, mawu osatuluka." Anameza malovu. "Ndinkangoyang'ana fani ija. Ndinkati ndikangoizimitsa, kadontho kasintha, wina adabwa. Koma soketi inali kutali ngati ku Songea."

Mama Lyimo anamukonzera nsalu pachifuwa. "Basi, wakamba zambiri. Mayi ako ndiwaimbira ine."

Ali pakhomo, Kaka Festo anaitananso. "Dada."

"Kaka?"

"Ine ndakumvetsa. Koma anzathu aja sakakumvetsa."

Panja, Mama Lyimo anapita pambali n'kulankhula pafoni nthawi yaitali. Pobwera anakhala pabenchi pafupi ndi Tunu.

"Ndawauza abwana. Sindikanabisa, munthu akanafera m'manja mwathu. Alamula kuti mawa aliyense abwere ku ofesi ndi laputopu yake. Uthenga wapita kale kwa onse. Woyamba kulankhula ukhala iwe."

"Andichotsa ntchito, mama?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Ndikakhala pambali pako, ndipo ndikanena kuti mnyamata uyu ali moyo chifukwa cha pakamwa pako. Zoposa pamenepo sindingalonjeze."

Mzee Kibwana anapita kukatenga galimoto. Tunu anatsala akuyang'ana anthu odutsa ndi mabeseni ndi mafulasiki, aliyense akupita kwa wodwala wake.

Foni inanjenjemera m'chikwama. Inasiya, n'kuyambanso. Inayambanso kachitatu. Tunu anaitulutsa. Mauthenga anali kulowa motsatizana, ochokera kwa anthu amene ankawadziwa mayina okha. Sanawatsegule. Anatsegula wa Ayubu wokha.

"Tamva kuti ndiwe. Mawa usalowere khomo lakumbuyo. Tikakudikira pageti tonse. Tikufuna tikuone nkhope."